Akutsekani Lachinayi

Tendai ndi Rudo, ana anga, mutu uno ndaulemba kanayi n'kumang'amba. Mitu ina ija, wa sukulu ya unamwino ndi wa ukwati wanga ndi malemu bambo anu, sinandivute. Uno wandiimitsa mutu. Munandipempha kuti ndilembe m'Chishona kuti muwerenge mosavuta, koma ndakana. Muvutike nawo basi, pamene mawu akupitirirani mukafunse kwa odziwa. Mwakhala mukundifunsanso chifukwa chake ndinapuma ntchito ndisanakhale metroni, pomwe ena amene ndinawaphunzitsa kumanga mchombo anandipitirira. Yankho lake lili muno.

Zvishavane, ntchito yanga yoyamba

Ndinayamba ntchito pa chipatala china cha mgodi ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Kuchokera kwathu ku Maglas, komboni ya anthu a kumgodi, ndinkayenda pansi, nsapato zoyera zili m'pepala kuopa fumbi. Agogo anu aamuna, a Phiri, anachokera ku Dedza kudzakumba asibesitosi. M'nyumba mwathu tinkayankhula Chichewa, panja Chishona, ndipo bambo akapsa mtima ankatikalipira m'Chilapalapa cha kumgodi. Ine Chichewa ndinachisiya ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, chaka chimene ndinapita kusukulu yogonera konko. Sabata yoyamba mtsikana wina anandimva ndikupemphera, n'kuuza chipinda chonse kuti muno muli Mubhurandaya. Limenelo ndi dzina lotinyoza ife ochokera ku Malawi, ngati kuti tonse tinabadwira ku Blantyre. Anandiseka mpaka telemu inatha, ndipo pobwerera kunyumba ndinali nditayamba kuyankha makolo anga m'Chishona.

Metroni wathu woyamba anali mayi wamtali wosaseka, woti akamadutsa ngakhale madokotala ankakonza makolala. Anali ndi lamulo limodzi limene ankatibwerezera mpaka kutopa nalo. Ankati, “Mayi asatuluke m'chipinda chako asanakubwezere zimene wamuuza, ndi pakamwa pake. Kugwedeza mutu si kumva.” Ndinkalitsata lamulolo bwino lomwe, ndipo ndinkanyadira kuti ine ndiye mwana wake wokondedwa pa ntchito.

Tsiku lina bambo anabwera kudzayezetsa chifuwa, poti fumbi la mgodi linali litayamba kuwavuta. Atandiona pakhonde ndili ndi anamwino anzanga, anavula chipewa n'kunena mokweza kuti, “Naphiri, mwana wanga, waswera bwanji?” Ine ndinawayankha m'Chishona, mwaulemu wonse wa kwa mlendo, n'kuwalozera pamzere. Anavala chipewa chawo n'kukakhala. Sanaitchulepo nkhaniyo mpaka anamwalira. Chaka chotsatira ndinakwatiwa ndi bambo anu, ndinakhala Sisita Hove, ndipo ndikuuzeni zoona, dzina latsopanolo ndinalikonda kuposa mphete.

Redcliff, chaka chimene ng'anjo zinazima

Tinasamukira ku Redcliff bambo anu atapeza ntchito ku fakitale ya zitsulo, ndipo ine ndinakhala zaka zambiri pa kachipatala kena kumeneko, mpaka kufika poyang'anira sikelo ya amayi oyembekezera. Inu mukukumbukira chaka chimene utsi unasiya kutuluka, nyumba n'kumatsekedwa imodziimodzi, anthu akupita ku Joni ndi ku Botswana. Kuchipatala zinthu zinathina. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe ngati masokosi. Amayi tinkawauza kuti abwere ndi thonje lawo, lezala lawo ndi ndowa ya madzi. Dokotala wa amayi, bambo Sibanda, ankabwera kuchokera ku Kwekwe Lachinayi lokha, akapeza mafuta. Anali munthu wabwino koma wotopa, ndipo mayi wosasunga tsiku lake sankamumvera chisoni.

Lachinayi lina m'mawa analowa mayi wamng'ono thupi, atavala chitenje cha kumudzi ndi juzi ya mwamuna. Dzina lake ndisunga, ndimutchula ndi chiwongo chake, Nambewe. Anali atangobwera kumene kuchokera ku Malawi, akugulitsa mpunga ndi zitenje, mwamuna wake akukumba golide kunja kwa Kwekwe pamodzi ndi okumba mozemba aja otchedwa makorokoza. Chishona ankadziwa cha pamsika chokha, mitengo ndi moni. Anatambasula buku lake la kuchipatala la kwawo, ndipo dokotala ataliwerenga anapukusa mutu. Mimba yoyamba anavutika nayo masiku awiri kumudzi, mwana anabadwa wakufa, ndipo pobereka chiberekero chinang'ambika pakhomo pake. Mimba yachiwiri ndi yachitatu zinapita padera pa miyezi isanu, zonse mofanana, popanda kupweteka kwenikweni, nsupa kungosweka. Iyi inali yachinayi, ya miyezi itatu.

Ndikufotokozereni pang'ono, makamaka iwe Rudo. Khomo la chiberekero ndi limene limasunga mwana m'kati mpaka nthawi yake. Likavulala pobereka, kapena pa ntchito ina ya kuchipatala, mwa amayi ena limafooka, ndipo mimba yotsatira mwana akayamba kulemera limatseguka lokha nthawi isanakwane. Dokotala amatha kusokapo ulusi wolimba kuzungulira khomolo n'kumanga, ngati mmene timakokera chingwe cha pakamwa pa kathumba ka mtedza. Amachita zimenezi mimba ili ndi miyezi itatu kapena kupitirira pang'ono, ndipo masiku akayandikira ulusi uja amaudula, mayi n'kubereka. Si mayi aliyense amene zimamuthandiza, mwana amatha kubwerabe msanga, koma kwa munthu wa mbiri ngati ya Nambewe inali njira yoyenera kuyesa.

M'chipindamo munali dokotala, ine, ndi anamwino awiri achitsikana amene ankandiopa. Dokotala anayesa Chishona, anayesa Chingerezi, mayi uja akungomwetulira. Kenako anafunsa ngati panali wodziwa chinenero cha ku Malawi. Atafunsa kachiwiri ndinati ndimamvako pang'ono, poti ndinakulira pafupi ndi komboni ya anthu amenewa. Anthu amenewa, ndinatero, ine mwana wa a Phiri.

Dokotala anafotokoza bwino, pang'onopang'ono, za ulusi, za tsiku loudula, za zoyenera kusamala. Anatenga nthawi ndithu. Atamaliza onse anandiyang'ana. M'Chishona ndikanafotokoza zimenezo ngakhale ndili m'tulo, ndipo ndinkadziwa mawu oyenera kuwapewa poyankhula ndi mayi wosaukira mwana. Koma Chichewa changa chinali cha kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri. Ndinkadziwa kutunga madzi, kusesa, kutseka chitseko. Mawu a azimayi sindinawaphunzire, ndinathawa asanandiuze. Komanso ndinkaopa kuti ndikachulutsa mawu atsikana aja amva kuti lilime langa si lophunzirira kwa aneba. Ndiye ndinawerama pafupi ndi khutu lake n'kunong'ona.

“Akutsekani chiberekero Lachinayi likubwerali. Mubwere osadya kanthu.”

Anandiyang'anitsitsa. “Kunditseka ine? Mayi, inetu ndilibe mwana ndi mmodzi yemwe.”

“N'chifukwa chake. Zikuthandizani.”

“Akanditseka ndiye basi?”

“Basi,” ndinatero. Ine ndinkatanthauza kuti ndi kantchito kakang'ono, palibenso china choti aope.

Anapinda ngodya ya buku lake. Kenako anafunsa motsitsa, “Inu chiwongo chanu ndani?” Ndinachita ngati sindinamve. Dokotala anafunsa ngati wamvetsa, ine ndinati wamvetsa. Lamulo la metroni uja ndinkalikumbukira bwinobwino, koma kuti mayiyo andibwezere zimene ndamuuza zikanafuna kuti ticheze m'Chichewa, onse akumva. Anapinda maondo, anati zikomo, n'kutuluka.

Lachinayi lotsatira dokotala anabwera ndi ulusi umene anachita kupempha kwa mnzake, poti kwathu unali utatha. Tinadikira mpaka masana. Nambewe sanabwere. Dokotala anaubweza m'chikwama akudandaula, ndipo ine ndinathandizira kudandaulako. Ndinati anthu ongobwera kumenewa amakhulupirira asing'anga.

Redcliff, patadutsa miyezi iwiri ndi theka

Nambewe anamubweretsa masana, atagona kumbuyo kwa galimoto ya makorokoza, chitenje chitanyowa. Linali Lachinayi, dokotala analipo. Titamuyeza tinapeza khomo litatseguka kale, nsupa itasweka m'mawa akuchapa. Panalibenso chosoka. Patapita ola limodzi anabereka mwana wamwamuna amene anakwana m'manja mwanga muwiri popanda kusefukira. Anali ndi zikhadabo, ana anga, ndi nsidze zooneka pang'ono. Anapuma. Magetsi kunalibe, ndipo ngakhale akanakhalapo, pa msinkhu umenewo kachipatala kathu sikakanamusunga. Ndinamukulunga m'kansalu n'kumuika pachifuwa pa mayi wake, ndipo anakhalapo akupuma movutikira mpaka anasiya.

Dokotala anavula magolovesi mokwiya. “Mufunseni chifukwa chake sanabwere tsiku lija.”

Ndinamufunsa. Sanandiyang'ane, anayankha maso ali kukhoma. “Munati anditseka. Ndinakufunsani ngati ndiye basi, munati basi. Ine ndinati bola ndiyesere ndekha, uyu akapanda kukhala ndidzakhalebe ndi pobalira wina.”

Sindinamvetse zonse nthawi yomweyo, koma ndinamva zokwanira kudziwa kuti vuto linatuluka pakamwa panga. Dokotala ankadikira. Atsikana aja ankadikira. Ndinati, “Akuti ankaopa opaleshoni.” Dokotala anayamba kumukalipira, kuti mwana uyu akanatha kukhala moyo, ndipo anandiuza kuti ndimumasulire. Zimenezo sindinamasulire, ndinangoti adokotala akuti pepani. Koma nditatenga buku lake ndinalemba ndi dzanja langa, m'Chingerezi chabwino cha Sisita Hove, kuti mayiyu anafotokozeredwa zonse m'chinenero chake ndipo anakana chithandizo. Ndinasaina, n'kudinda chidindo.

Maglas, Loweruka lotsatira

Ndinakwera basi kupita ku Zvishavane osauza bambo anu chifukwa chake. Agogo anu aakazi ndinawapeza pakhonde akusankha tomato wogulitsa, wabwino uku, wophwanyika uku. Ndinawapatsa moni m'Chichewa. Anakweza mutu n'kunena kuti, “Kwagwanji? Wamwalira ndani?”

Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza. Patapita nthawi ndinafunsa ngati nkhani wamba. “Amayi, kwanu kuja akati mayi amutseka kuchipatala, amatanthauza chiyani?”

“Kwanu kuja,” anabwereza, akundiyang'ana cham'mbali. “Ndiye kuti wakwana ana, sadzaberekanso. Watseketsa. Mwana wamng'ono yemwe amadziwa zimenezo. Bwanji, ukufuna kutseketsa pa ukalamba uno?”

Ndinawauza zonse, ngakhale za m'buku. Sanasiye kusankha tomato. Nditamaliza anandifunsa chimene dokotala ankafuna kuchita kwenikweni, ndipo ndinawafotokozera m'Chishona. Iwo anachinena m'Chichewa m'mawu ochepa, osavuta, kuti asoka ulusi pakhomo la chiberekero kuti mwana asatuluke msanga, nthawi ikakwana adzaumasula. Mawu onsewo ndinkawadziwa limodzilimodzi. Ndikanangokhala pansi ndi mayi uja kwa kanthawi, tikanawapeza tonse awiri.

“Unkaopa kuti akutcha Mubhurandaya,” anatero amayi. “Bambo ako anafa akutchedwa choncho, ndipo palibe mwana wa munthu amene anataya. Pita ukamufunefune mayiyo.”

Ndinalonjeza. Lolemba ndinapita kuntchito nditakonzeka kuuza dokotala, koma Nambewe anali atatuluka kale, ndipo palibe ankadziwa kumene ankakhala. Ndinadziuza kuti ndinena Lachinayi. Lachinayi dokotala sanapeze mafuta. Lotsatiralo anabwera ali wotopa, ndinati ndisamuwonjezere. Chaka chisanathe iye anapita kunja, kachipatala kathu kanachepetsa antchito, ndipo ife tinasamukira kuno ku Gweru. Chimene ndinachita n'chakuti Loweruka lililonse lomwe ndikanatha ndinkapita ku Maglas ndi kope, kukalemba mawu a azimayi kuchokera pakamwa pa amayi anga, iwo akundiseka katchulidwe. Ndinkati ndikulipira mlandu. Komatu mwini mlandu sankadziwa n'komwe.

Mambo, patapita zaka ziwiri

Ndinapeza malo pa chipatala china chaching'ono chothandiza anthu a ku Mambo, kuno ku Gweru, ndi madera oyandikana nawo. Tsiku lina la sikelo, benchi itadzaza mpaka panja, ndinkalandira mabuku mutu uli pansi monga mwa masiku onse. Ndinatsegula lina lakutha m'mphepete, ndipo ndinakumana ndi dzanja langa. Pansi pa mawu anga panali zolemba za anamwino ena awiri a zipatala zina. Wina anadula mzere kunsi kwa mawu oti anakana, wina anawonjezera kuti mayiyu ndi wovuta. Ndinakweza maso. Nambewe anali atandizindikira kale. Anatambasula dzanja, anatenga buku lake patebulo, n'kutembenuka kuti azipita.

Tsamba lomaliza ndinali nditaliona. Anali ndi mimba ya miyezi iwiri ndi theka. Ndinawerenga masabata m'mutu ndipo ndinaona kuti nthawi yabwino yosokera yatsala pang'ono. Akanatuluka pakhomo paja sindikanamuonanso.

Ndinaimirira. Mawu anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira. “Anambewe, taimani. Munandifunsa chiwongo changa tsiku lija. Ine ndine Naphiri, mwana wa a Phiri a ku Dedza, ndinabadwira mu komboni ku Maglas.” Anamwino amene ndinkawayang'anira anasuzumira pazitseko. Ndinazungulira tebulo n'kugwada pasimenti, ine Sisita Hove wa zaka zoposa makumi asanu. “Ndinakulakwirani. Adokotala sananene kuti akutsekani. Mawu amene aja anali anga.”

Anandiyang'ana kwa nthawi yaitali. “Dzukani, mukudetsa yunifolomu,” anatero. Anandiuza nambala ya nyumba imene ankachita lendi, n'kutuluka osayezedwa.

Ndinapita Loweruka m'mawa nditatenga kathumba ka nsalu kokhala ndi chingwe pakamwa pake. Ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni, matumba a mpunga ataunjikidwa pakona. Mwamuna wake anandipatsa moni n'kutuluka. Iye anandipatsa mpando, yekha n'kukhala pamphasa. Sanandipatse madzi, ndipo sindinadabwe.

Anayamba ndiye kuyankhula. “Bukuli alamu anga anandiwerengera. Paliponse ndikapita, namwino akawerenga amayamba kundikalipira ndisanakhale n'komwe pansi. Amuna anga anamva kuti ndinakana mankhwala, ndiye kuti mwana uja ndinapha ndine. Kwawo anawauza kuti mimba iyi ikapitanso padera andibweze kumudzi. Zaka ziwiri ndakhala ndikuganiza kuti kapena ndine ndinamva molakwika.”

“Munamva bwino. Ndine ndinanena molakwika, ndipo nditadziwa ndinabisa.”

“Chifukwa chiyani?”

“Ndinkachita manyazi kuti anzanga adziwa kuti ndine wa kwanu.”

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. “Mwana wanga anafera manyazi anu.” Zinali zoona.

Patapita nthawi analoza kathumba kaja n'kufunsa kuti n'kachiyani. Ndinaikamo mbatata imodzi ya m'mbale yake, ndinakazondotsa, mbatata inagwa. Ndinaikamonso, ndinakoka chingwe n'kumanga, ndinakazondotsa, inakhala. Kenako ndinamasula mfundo, mbatata inatuluka. Ndinafotokoza zonse ndi mawu a amayi anga. Ndinamuuzanso zosakoma, kuti ulusi si lonjezo, mwana akhoza kubwerabe masiku asanakwane. Ndinati akamva m'mimba mukumanga, akaona madzi kapena magazi, kapena thupi likatentha, athamangire kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa matenda akayamba ulusi uli pomwepo ukhoza kung'amba pamene panang'ambika kale. Nditamaliza ndinamupempha kuti andibwezere zonse ndi pakamwa pake. Anabweza osaphonya, ndipo anandikonzanso mawu awiri amene ndinatchula mwa Chishona.

“Ndivomera,” anatero, “koma mupite nane kwa dokotala wokandisokayo. Mukanene pamaso pake zimene mwanena pano, ndipo m'bukumu mufufute ndi dzanja lomwe lija. Amuna anga akakhalepo.”

Ndinadziwa tanthauzo lake. Namwino wolemba bodza m'buku la wodwala, nkhani yake siithera m'chipinda cha dokotala. Chaka chimenecho dzina langa linali litatchulidwa pa mpando wa metroni, ndipo bambo anu anali atayamba kale kundiseka nalo dzinalo pakhomo. Ndinayenda pansi kubwerera kunyumba ndikukambirana ndi mtima wanga, ndipo musaganize kuti unali mtima woyera. Unandiuza kuti ndikhoza kungolemba kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu, ulusi asokedwe, zakale zikhale zakale. Koma ndinkamudziwa tsopano mayi uja. Popanda ine sakanapita.

Lachiwiri tinapita atatu ku chipatala chachikulu. Dokotala wa kumeneko anali mayi wachitsikana, wa msinkhu wako Rudo. Ndinanena m'Chingerezi kuti amve iye, n'kubwereza m'Chichewa kuti amve mwamuna wa Nambewe. Bamboyo anangogwira chipewa chake n'kumachizunguliza. Dokotala anandipatsa cholembera. Ndinadula mzere umodzi pa mawu anga akale, kuti aziwerengekabe, n'kulemba pambali kuti mayiyu sanakane, womasulira ndiye analakwitsa ndipo anabisa. Ndinasaina Hove, kenako ndinawonjezera Phiri. Sabata yomweyo anamusoka. Mwezi wotsatira ndinaitanidwa kwa akuluakulu, ndinalandira kalata yochenjeza, ndipo za mpando uja sizinatchulidwenso.

Miyezi inayo ndinaiwerenga ngati mimba ndi yanga. Anasiya kunyamula matumba a mpunga, mwamuna wake ndiye ankapita kumsika. Ankabwera kusikelo osaphonya, ndipo nthawi zonse ankasankha kuyezedwa ndi namwino wina, ine n'kumangomasulira. Mwezi wachisanu utafika, nthawi imene enawo anachokera, chakudya chinandikanika. Unadutsa. Wachisanu ndi chimodzi unadutsa. Atangolowa mwezi wachisanu ndi chitatu, m'mawa wina anamva m'mimba mukumanga, ndipo sanadikire kuti aone ngati zisiya. Anakwera kombi yekha ndi buku lake. Madokotala anadula ulusi nthawi yabwino, khomo silinang'ambike, ndipo masana anabadwa mwana wamkazi wosakwana masiku, wochepa koma wolira. Anakhala masabata angapo m'chipatala, mayi wake atamumangirira pachifuwa ndi chitenje kuti azifunda. Anamutcha Tiyamike.

Kuyambira pamenepo mayi aliyense wa ku Malawi wobwera kusikelo ankatumizidwa kwa ine, ndipo ena ankabwera kuchokera kutali atamva kuti ku Mambo kuli namwino woyankhula chakwawo. Atsikana a kuntchito anayamba kunditcha Mbuya Phiri, kutanthauza Agogo Phiri. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiseka. Chinthu chimene ndinachiopa zaka makumi anayi chinangodutsa popanda wochicheukira, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa kalata ija.

Nambewe akadali ku Mambo. Ali ndi ana awiri tsopano, wachiwiriyo anamusokeranso ulusi. Sindinamufunsepo ngati anandikhululukira, ndipo iye sananenepo. Chaka chimene ndinapuma ntchito anabwera kuno kunyumba ndi Tiyamike, atanyamula mpunga m'kathumba kaja, poti ndinakasiya kwawo. Tendai, iwe unalipo, unawatsegulira geti, koma sunamve zimene tinkayankhula. Anakankhira mwanayo kutsogolo n'kumuuza kuti, “Gwada upereke moni kwa Anaphiri. Awa ndi amene anathandiza kuti iwe ukhalepo.” Mwanayo anagwada, ndinamugwira dzanja. Kenako mayi wake anawonjezera, ndi mawu omwewo osakweza, akundiyang'ana ine. “Ndi omwewanso amene anamunyamula mchimwene wako.”

Tiyamike anandiyang'ana n'kufunsa kuti mchimwene wakeyo ankaoneka bwanji. Mayi wake sanandithandize, anadikira. Ndinatambasula manja anga awiri, ndinawaphatikiza, n'kumuonetsa mwanayo kukula kwake.